Tsamba Lotchedwa Dzina Langa

Lamulungu, 2 Malichi

Namiyala wabwera kudzationa. Mwana wanga woyamba, dokotala weniweni koma wosabaya jekeseni. Odwala ake ndi masamba omwe anasanduka mwala dziko lisanakhale ndi munthu, ndipo ku miziyamu, kosungira zinthu zamakedzana, amamulipira chifukwa chowayang'anitsitsa tsiku lonse. Lero nkhope ili ngwee. Akuti wapeza tsamba lomwe silili m'buku lililonse, ndipo pantchito yawo wotola ndiye amatcha dzina. "Ndikufuna litenge dzina lanu, Ababa." Mayi ake anangoti watiputira mavuto. Nsanje basi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mitu yambiri lero, mashini mpaka kutentha. Aliyense wokhala pampando wamva nkhaniyi, afune asafune. Munthu sathawa atametedwa mbali imodzi. M'mawa linali tsamba, pofika masana unali mtengo wotalika kuposa nsanja ya mafoni.

Telala wa khomo loyandikana nalo, mdani wanga wapamtima, akuti chomera chomwe chinaleka kumera kalekale chikuyenerana ndi dazi langali. Aseke. Iye dzina lake lili pa chiyani? Pa chitupa basi.

Ndaitana wolemba zikwangwani. Dzina langa, kumapeto kamchira ka Chilatini monga mwana ananditchulira, m'munsi mwake "Ometa Tsitsi". Malipiro: kumumeta ulere mpaka chaka chithe.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndatseka msanga, jekete paphewa, ulendo wa ku miziyamu kukaona mnzanga wa dzina. Chipinda cha Namiyala chili kuseri kwenikweni, kozizira ngati m'firiji, madirowa kuyambira pansi mpaka kudenga. Ine ndinkayembekeza chithunthu chonyamula amuna anayi. Iye kutulutsa kabokosi ngati ka machesi. M'kati thonje, pathonje kamwala. Tsamba lake? Chikhadabo cha chala changa chaching'ono chikuposa. Koma pa galasi lawo lokulitsa zinthu, mitsempha yonse ili poyera, ngati lathothoka dzulo.

Ndinamuonerera akugwira ntchito. Kasingano, kaburashi, kupala mwala pang'onopang'ono atagwira mpweya. Kumeta kumene. Manja amenewa anatengera ine, wotsutsa abwere.

Potsanzikana akuti ndisauze munthu mpaka akuluakulu a ntchitoyi, a m'mayiko ena, atawerenga zomwe walemba n'kuvomereza. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Utoto wa chikwangwani unali utauma kale.

Lachinayi, 10 Epulo

Akuluakulu aja ayankha. Tsambalo si lachilendo. Munthu wina analitola agogo anga asanabadwe, n'kulitcha dzina, n'kulisiya m'dirowa ya miziyamu ina. Nyengo yonseyi mwana wanga wathera pa tsamba la eni ake.

Anabwera yekha kudzandiuza kushopu kuno, komwe sanapondeko mwezi wathunthu. Anaima pamsewu, maso pachikwangwani. Ine m'kati, mashini m'manja, kasitomala ali ndi theka la mutu. Ndinkayembekeza mkuntho. Iye anangolowa, kukhala pabenchi, n'kunena motsitsa, "Pepani Ababa, ndakuchititsani manyazi." Kupepesa ine, wapakamwa.

Telala sanaseke. Anamubweretsera tiyi, n'kubwerera ku nsalu zake. Bola akanaseka.

Loweruka, 12 Epulo

Mayi ake akuti mwanayo sakudya, ndipo akunena zosiya miyala kuti akafune ntchito ina. Namiyala kusiya miyala? Ndiye tizimutcha ndani?

Ndinapita ku miziyamu wopanda jekete. Ndinamupeza atakhala, manja pamiyendo, kasingano kali patebulo. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzatonthoza munthu, ndabwera kudzaitanitsa tsamba lina. Chikwangwani sindifufuta, wolemba uja akundimetetsa kale mutu wake waukuluwo sabata iliyonse. Afune tsamba langa mpaka alipeze, ngakhale ine nditasanduka mwala, andisunge mu dirowa yapamwamba, pathonje lofewa. Anayesa kusaseka. Zinakanika.

Kenako anandipatsa hamala ndi tchizulo, n'kutola mwala umodzi pamulu wa miyala yosatsegula pakona. Anandionetsa pomenya. Ndinamenya kamodzi, mwala unatseguka ngati buku. M'kati tsamba lathunthu, lakuda bii, mpaka kaphesi kake. Akuti ndi lawamba, ali nawo madirowa odzaza.

"Koma ili, chigwereni pansi, palibe diso la munthu lomwe linaliona. Ndinu oyamba, Ababa."

Ndinaweramira pamwalapo, maso patsamba, mpaka kuiwala nthawi. Ine amene.

Pamene ndinkatuluka n'kuti atakokera kale mwala wina pansi pa galasi, kasingano m'manja, osacheuka n'komwe. Mwano womwewo wakale. Mtima wanga pansi.

Lolemba, 14 Epulo

Mayi ake akuti dzulo anadya mpaka kuwonjezera. Chikwangwani chilipobe.

Telala wafunsa komwe ndinali Loweruka. Ndamuuza zoona zokhazokha, osathira mchere ngakhale pang'ono, ndipo sanakhulupirire. Akuti mwa mabodza anga onse, ili ndiye lanyanya.

Chabwino. Mawa ndimuuza kuti m'mwalamo munali nkhalango yonse, ndi mbalame zomwe. Imeneyo akhulupirira.