Kapinga Wandiolotsa Malire

Abambo a Alufeyo,

Mukabwerako ku Boma musandifunefune, ndapita kwa achemwali ku Mbombwe kukapempha mbewu ya mbatata. Ndalakwa kudimba. M'mawa ndinatenga kambwiri kanu kuti ndithane ndi kapinga uja wa m'mphepete mwa anyezi. Mukudziwa, kapinga ukamudula pamwamba amangokuseka, ndiye ine ndimalondola muzu, kukumba, kukoka, mutu uli pansi. Pamene ndimati ndiwongole msana, ndapezeka ndili kwa eni, ndagumula mizere iwiri ya mbatata za a Sellina, akazi a aphunzitsi. Pepani, muzu sudziwa malire.

Tsono inu, kapingayo ndamuunjika pafupi ndi chitsime. Mumutole yense mukamuyanike pathanthwe. Kunjaku kwada, akangonyowa ali padothi mawa wamera, thukuta langa lapita pachabe. Musasiyeko ngakhale kamfundo. Muluwo muyambe mwaugogoda ndi ndodo, njoka zimakonda pozizira. Muzipondanso bwino, maenje ndakumba akuya, ndipo bondo lanulo mukulidziwa. Kambwiri kali kuseri kwa chitseko, kakugwedera pampini, adzukulu asakakhudze.

Mukakumana ndi aphunzitsi musayambitse za malire, pakamwa panu pamathamanga. Ndibzala ndekha mawa ndikabwera ndi mbewu.

Akundilembera kapepalaka ndi a Sellina omwewo, akuseka mpaka misozi, akuti akhululuka. Koma poti ine zilembo sindizidziwa, muwerenge mofatsa. Mukapezamo zoti tiwapatse nkhuku, si ine ndanena.

Ndine,
Make Alufeyo