Mphira ya Alamu

Lolemba, 29 Novembala 2010

Sinowo paliponse. Kagalimoto kanga kayamba kukokera kumanzere, pa hampu iliyonse kutsogolo kukumveka gu! Kwa gogo amene ndimawasamalira ku Clondalkin ndafika mochedwa ndi 40 minutes. A ku agency amene amanditumiza kwa gogowo akuti ndikachedwanso kawiri ma shift anga apatsa wina. Chaka chino ntchito ina ndikaipeza kuti?

Lachiwiri, 30 Novembala

Ndawauza alamu a Ignasio, amuna awo a achemwali anga a Ethel. Ndi amene anaikonza galimotoyi mwezi watha, paja amati ku Limbe anali makaniko wa minibasi. Osadzuka n'komwe pampando. "Mlamu, galimoto ilibe vuto. Sinowo si ya azimayi." Achemwali n'kuseka nawo. Kusekako ndakusunga.

Lachitatu, 1 Disembala

Ndatsetserekera m'mphepete pa roundabout. Kuchedwa kachiwiri. Kwatsala kamodzi.

Mpweya ndayeza matayala onse, uli bwino. Ndakankhira pansi ngodya iliyonse ya galimoto ndi thupi langa lonse. Zitatu zikubwerera n'kukhazikika, yakutsogolo kumanzere yangoti fwaa, ngati yatopa ndi moyo.

Lachinayi, 2 Disembala

Ndagona pakatoni pansi pa galimoto, tochi kukamwa, zala zosamva kanthu. Sipuling'i ndi yothyoka! Ndipo pothyokapo wina anamangapo mphira ya chubu, mmene timamangira thumba la makala panjinga. Kuzizira kwaiumitsa, yang'ambika. Mfundo yake ndikuidziwa, ndi yomweyo ili pa mpope wa shawa kwa achemwali.

Jerome, wa garaja ya ku industrial estate, anaitembenuza mphirayo kawiri n'kufunsa ngati ndi juju. Ndinati ayi, ndi digiri ya ku Limbe. Wasintha masipuling'i onse awiri akutsogolo, akuti sasintha imodzi yokha.

Achemwali pafoni: "Usawachititse manyazi alamu ako, ankangothandiza." Ine ndikanagwera mu ngalande ya madzi, manyazi akanakhala a ndani?

Lachisanu, 3 Disembala

Galimoto ikuyenda mowongoka ngati yalapa.

7:15, pa bus stop, ndani uyo? A Ignasio, masokosi avalira pamwamba pa nsapato kuti asaterereke, basi sikubwera. Anandikwezera dzanja, kumwetulira mano onse. Ndinaima.

"Mlamu wanga wabwino, unditaye pa Blanchardstown."

Ndinatsitsa windo, n'kuwapatsa mphira yawo m'manja. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, pakamwa yasa.

"Alamu, sinowo si ya azimayi. Ndingakugwetseni."

Chitseko sindinatsegule. Kwa gogo ndafika 7:52, nthawi isanakwane, ketulo ndinaika ndisanavule jasi.