Mwala wa kwa Kadowaki

Lachitatu, 2 Okutobala

Bambo aimba foni. Koyamba chichokereni pakhomo, ine ndili wamng'ono. Amayi anayankha, n'kundipatsira, n'kukatsegula mpopi kukhitchini ngakhale kunalibe mbale zakuda. Bambo akuti Loweruka ndikwere sitima, tikaone linga lakale la ku Matsue. Linga? Anthu akasowana zaka zonsezi amapita kukaona nyumba ya mafumu akufa? Ndavomera. Chifukwa chake sindikuchidziwa.

Lachisanu, 4 Okutobala

Kusukulu sindinauze munthu. Ndikanauza ndani? Nkhomaliro pamasitepe a kuseri kwa laibulale, ngati masiku onse. Amayi agula bokosi la timakeke. "Usapite chimanjamanja, angamati sindinakulere."

Loweruka, 5 Okutobala

Pasiteshoni Bambo sindinawazindikire. Afupi kuposa ine. Anandiweramira ngati ndine bwana wa kuntchito kwawo, ine n'kuwerama kwambiri, iwo n'kuweramanso. Mayi wina wachikwama anachita kutilambalala.

Linga lakuda bii. Nsapato tinavula pakhomo, matabwa ozizira. Masitepe oima njo ngati makwerero. Kutsogolo kwathu azungu a makamera, kumbuyo gulu la agogo likupuma wefuwefu. Bambo kuwerenga chikwangwani chilichonse mokweza: chitsime, zisoti zankhondo, mabowo ogwetsera miyala pa adani. Ine kudikira kuti afunse za ine. Anafunsa kamodzi: "Mpira ukusewerabe?" Sindinasewerepo mpira.

Pamwamba penipeni, mphepo. Anthu onse kujambula nyanja. Bambo anandikokera mbali ina n'kuloza denga la kachisi pakati pa mitengo. Akuti manda athu ali pamenepo. Agogo, makolo awo, mpaka munthu wina amene ankasamala akavalo m'linga lomweli. Onse pansi pa mwala umodzi wolembedwa Kadowaki, dzina la banja la Bambo. Wansembe wa pakachisipo wawauza kuti manda opanda wolowa m'malo amawachotsa, mafupa n'kukawaphatikiza ndi a anthu opanda abale. Bambo alibe mwana wina.

"Ubwerere ku dzina lako, Ritsu. La Kuwabara ndi la amayi ako, unangobwereka."

Potsika anali pansi panga, ndinkangoona dazi lawo. Timakeke ndinaiwala kupereka. Ndabwera nato.

Lamulungu, 6 Okutobala

Amayi aliona bokosi patebulo. Sanafunse. Afulula tiyi, tadya timakeke tija awiriwiri.

Ndiye Bambo anaitana ine kapena anaitana munthu wodzatsuka mwala wa pamanda? Nanga munthu wa akavalo uja wandilakwira chiyani?

Lachiwiri, 8 Okutobala

Aphunzitsi aitana "Kuwabara" m'mawa, ine duu. Aitananso. Okamoto wa kumbuyo kwanga anandibaya ndi pensulo: "Iwe, dzina lako walisiya kunyumba?" Kalasi yonse kuseka. Aka n'koyamba kuti andilankhule chaka chino.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndawauza Amayi. Ndinkayembekezera misozi kapena ukali. Anangoseka. Akuti mwala umenewo autsuka iwowo nthawi yonse ya ukwati, agogo a kwa Bambo ataima kumbuyo kuwalozera pamene patsala ndere. Kenako: "Usankhe wekha, mwanawe. Usakane chifukwa cha ine." Bwenzi atangokalipa, ndikanadziwa chochita.

Ndinafunsa kumene Amayiwo adzagone. Manda a kwa Kuwabara ndi a Amalume, poti ndiwo mwana wamwamuna wamkulu. Mudzalowa iwo, akazi awo, ana awo. Za Amayi, mlongo wawo amene anakwatiwa ukwati n'kutha, akazi a Amalume ananena kale kuti malo ndi ochepa.

"Ine? Phulusa langa udzaliike pashelefu pafupi ndi wailesi, ndizimva za nyengo." Ananena akupinda zovala, osandiyang'ana.

Ndinali ndisanaganizepo. Ndikakhala Kadowaki, ine ndili ndi pogona, Bambo ali ndi pogona, wa akavalo uja ali ndi pogona. Amayi, shelefu.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndine ndawaimbira Bambo. Anayankha isanalire kawiri. Ndinati dzina ndilandira, mwala ndizidzatsuka. Ndinawamva akupuma mozama. Kenako ndinati koma Amayi adzalowe nawo pansi pa mwalawo.

Kumbali kwawoko wailesi yakanema ikulira.

"Zimenezo sizichitika choncho, Ritsu."

Ndinati ndiye inenso sindikudziwa mmene zimachitikira. Akuti akafunsa wansembe, aimbanso.

Ndakhala pano foni ili m'manja. Ndimayesa ndachita chinthu chanzeru. Amayi akuitana kuti msuzi ukuzizira, ndipo ndi pano pamene ndakumbukira: sindinawafunse n'komwe ngati iwo akufuna kukagona ndi anthu amenewo. Nanga wansembe akavomera, Amayi ndikawauza bwanji?