Ndathamangira mlendo uja

A Dyton anga,

M'mawa uno kushopu kunafika bambo ena, fumbi mpaka m'mawondo, n'kukhala pabenchi osanena kumene achokera. Anangofunsa kuti, "Eni ake ali kuti?" Mutu wangawu mumaudziwa. Ndinaganiza kuti atumidwa ndi akuba kudzaona ngati tasunga chimanga, ndiye ndinawauza kuti munasamukira ku Zomba. Ngakhale madzi sindinawapatse. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Iyayi mwanangu, basi matumba aja ndigulitsa kwa ena."

Manyazi andigwira. Paja pakompyuta yathu ya Linux ija WhatsApp timatsegulira pa intaneti. Sabata yatha ndinachotsapo nambala ya bizinesi n'kuikapo yanga kuti ndiziwerenga bwino nkhani zachikondi za pagulupu, ndipo ndinaiwala kubwezera. Foni ya bizinesi yosweka galasi ija inangokhala m'dilowa. Nditabwezera lero, mlendoyo atachoka, ndapeza mauthenga mbwee ochokera kwa amene munawalemba kuti "Chimanga Ngokwe". Anatisungira matumba njala yonseyi, ena akuwalirira pakhomo, ife osayankha.

Ndakwera kabaza kuwathamangira kudepoti ya Balaka. Ndikawaphonya ndipitirira mpaka ku Ngokwe. Inu aimbireni msanga, muwauze kuti munakwatira wamisala koma wamtima wabwino. Mbatata yanu ili mumphika.

Pepani, wokondedwa wanga.

Ndine wanu,
Ophelia

Chithunzi cha a "Chimanga Ngokwe" ndachiona pauthenga womaliza, ndi mlendo yemwe uja, ndipo dzina analemba okha. Amene ndawamana madzi aja ndi a Twaibu Mkwanda, amalume anu, aja analephera kubwera ku ukwati wathu.