Mchere wa Pamsewu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Mwendo uja mukupeza bwanji? Ine kuno ku Barking ndili bwino, kungoti kuzizira kwake kukuluma makutu.

Amayi, imvani izi! Lachiwiri tinadzuka kamsewu kathu kataundana, kakung'anima ngati galasi. Basi sinabwere, pomwe agogo achizungu amene ndimawasamalira aja ankadikira ine kuti ndikawadzutse ndi kuwamwetsa mankhwala. Ndinangotulutsa njinga. Ndisanafike n'pakona pomwe, khu! Ine uku, njinga uko.

Aneba athu a ku Zambia anandidzutsa akuseka. "Sisi, pitani mumsewu waukulu, muja athiramo mchere."

Ndinayesa akundiseleula. Koma nditafika, ndinaona chigalimoto chikumwaza timiyala tofiirira ngati munthu akufesa mawere. Ndinatola kamodzi n'kulawa. Mchere weniweni, Amayi! Akuti umasungunula ayezi. Ndinapalasa pambuyo pake ndikuseka ndekha, osatereranso, mpaka ndinawapeza agogo aja asanayambe kuda nkhawa.

Njira yonse ndinkaganiza za inu, mmene munkatitumira ndi kasupuni kukapempha mchere kwa aNaphiri. Mukawauze kuti mwana wanu masiku ano akuyenda pamchere popita kuntchito.

Mundipempherere mawondowa, chisanu chikadalipo. Wina akamabwera kuno, munditumizireko usipa ndi mfutso. Za mchere musavutike, ndikatola pamsewu.

Ambuye akusungeni inu ndi onse pakhomopo.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike