Kumtunda, kuchulu, kudambo

Lachinayi madzulo, ku Migowi. Msana ukuwawa, koma mtima wakhala pansi.

Ndalimbana ndi kompyuta kuyambira m'mawa. Mitundu ya chimanga ija tinayesa m'munda wa mayi Nachuma ku Chiwalo, pulogalamu yowerengera zokolola imangoti yonse yabereka mofanana. Mofanana bwanji, pamene ine ndinaona ndi maso anga pokolola? Komanso Lolemba alimi akundidikira kuti ndikawauze mbewu yoti agule mvula isanagwe.

Masana ndinaimbira Chimwemwe, mnzanga wa kusukulu ya zaulimi. Anafunsa kuti mabuloko, zigawo zitatu za munda zija, ndawalemba bwanji. Ndinati 1, 2, 3.

"Ndiye pulogalamuyo ikuyesa kuti ndi masamu," anatero. "Ikuganiza kuti 3 ndi wamkulu kuposa 1. Uiuze kuti amenewo ndi magulu chabe, kapena ungolemba mayina."

Mayina analipo kale. Mayi Nachuma satchula nambala, amati kumtunda, kuchulu, kudambo. Ndinalemba momwemo, n'kuika pamene pulogalamu imafunsa buloko. Pamenepo pulogalamu inapatula chonde cha pachulu ndi madzi a kudambo, sinazisakanizenso ndi mphamvu ya mbewu. Mtundu wocha msanga unaonekera poyera kuti wapambana.

Chimwemwe sanandiseke n'komwe, Mulungu amudalitse. Loweruka ndimutumizira mpunga wa ku Chilwa pa minibasi.

Koma ndikaganiza kuti ndikanaimirira pamaso pa mayi Nachuma, amene analima okha mizere ija, n'kuwauza kuti agule mbewu iliyonse...