Kalata ya ku Banki Inaonedwa ndi Anthu Atatu

Lachinayi. Tsiku lowawa.

Ngongole ya nyumba imene banki yavomereza: K240,000
Mtengo wa nyumba ya a Mbewe sabata yatha: K205,000
Mtengo wake lero: K240,000

Ndinachita zonse mwadongosolo. Ndisanayang'ane nyumba iliyonse, ndinapita ku banki ku Chipata maulendo atatu kuti andilembere kalata yonena ndalama zimene angandikongoze. Kwatsala zaka zisanu kuti ndipume pantchito, ndipo tsiku limenelo ndidzatuluka m'nyumba ya sukulu kuno ku Zemba.

Kalatayo inaonedwa ndi anthu atatu okha: wa ku banki, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono Yohane. Ndinamuonetsa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, chifukwa ndi iyeyo amene anandipezera nyumbayo kuboma.

Lero ndinapita kwa a Mbewe kukamaliza nkhani. Anandipatsa mpando, kenako anatchula mtengo watsopano. Nditafunsa chimene chasintha pasabata imodzi, anaseka.

"Aphunzitsi, musadandaule. Si ndalama zanu izi, n'za banki. Alongo anu anati zafika pamenepo."

Ndinafunsa kuti Yohane alandirapo zingati. A Mbewe anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Teni sauzande basi."

Yohane ndinamulipirira sukulu zaka zinayi. Ine amene ndimalemba ngakhale mtengo wa machesi, ndalama zimenezo sindinazilembepo paliponse. Madzulo ano wandiimbira foni kawiri. Sindinayankhe.

Zowonjezera pamtengo: K35,000, osawerengera chiwongoladzanja
Za Yohane: K10,000
Nyumba yogulidwa: palibe
Amene adzaone kalata yotsatira: awiri

Esinala Tembo